Chipinda chogawana, kafulati ka wekha, boti kapena nyumba yakutali: kusankha pokhala m'mizinda yakunja

Amene akukonzekera kukakhala ku Tokyo, London, Berlin kapena Paris amawerengetsa za ndege, visa ndi majekete a nyengo yozizira. Za kukula kwa chipinda chimene akagonemo amaziganizira mochedwa, ataona kale malonda a nyumba pa intaneti n'kugwira pakamwa kuti lendi yonseyo ndi ya kamalo kongokwana bedi, katebulo ndi sinki. Komatu eni mizindayo amakhala momwemo, ena mpaka kukalamba, ndipo si onse amene amadzimvera chisoni.

Maganizo anga ndi akuti masikweya mita amene alembedwa pa malonda sanena zambiri. Nyumba yaing'ono imakhalika ngati mzinda uli ndi zimene nyumbayo ikusowa: pochapira, pochezera, posungira katundu, sitima yodalirika. Imakhalikanso ngati dzina lanu lili pa mgwirizano wa lendi. Ziwirizi zikasowa, ngakhale chipinda chotakasuka chimasanduka chosautsa. Njira zili m'munsizi ndaziyesa ndi muyeso umenewu.

Choyamba tidziwe kuti "yaing'ono" imatanthauza zosiyana dziko ndi dziko. Ku United States nyumba yatsopano ya banja limodzi inkakhala ya masikweya mita pafupifupi 150 mu 1973, ndipo pofika 2015 inali itafika pafupifupi 250, pomwe anthu okhala m'nyumba imodzi ankacheperachepera. Ku Germany mu 2020 munthu mmodzi ankakhala ndi masikweya mita pafupifupi 47 mukagawa malo onse okhalamo ndi chiwerengero cha anthu. Ku England muyeso wa boma wa 2015 umati fulati yatsopano ya munthu mmodzi isachepere 37. Boma la Japan limati 25 ndiyo malire a munthu wokhala yekha. Ku France lamulo la 2002 limalola kuchititsa lendi chipinda cha masikweya mita 9, bola denga lake litalike mamita 2.20 kuchokera pansi. Choncho kamalo kamene Mmereka angakaone ngati kosungiramo njinga, wa ku Paris amakatcha kwawo, amakalipirira mwezi ndi mwezi ndipo amalandirirapo makalata.

Chipinda m'nyumba yogawana

Iyi ndiyo njira imene ambiri amayambira, ndipo ndi yomwe ndingalangize munthu wongofika kumene. Mumakhala ndi chipinda chanu, koma khitchini, bafa ndi chimbudzi mumagwiritsa ntchito limodzi ndi anthu awiri, atatu kapena asanu amene simunawadziwepo. Lendi imatsika, mabilu a magetsi, gasi ndi intaneti mumagawana, ndipo ziwiya zakukhitchini mumazipeza zilipo kale. Izi si zazing'ono ku Germany, kumene fulati zambiri zimachititsidwa lendi zopanda khitchini: makabati, sinki ndi chitofu mumagula nokha, ndipo posamuka mumazula n'kupita nazo kapena kugulitsa kwa wolowa m'malo mwanu.

Ku Germany nyumba yotereyi amaitcha WG, ndipo kukhalamo sikuchititsa manyazi ngakhale kwa munthu wapantchito yabwino wa zaka 35. Amene amasankha wolowa si mwini nyumba yekha. Okhalamo kale amakuitanani, kukukhazikani pansi n'kukufunsani nthawi imene mumadzuka, ngati mumasuta, ngati mumalandira alendo pafupipafupi. Pakhomo la firiji pamakhala ndandanda yosonyeza wotsuka bafa sabata ino, ndipo amene amaiphonya sakhalitsa. Ndalama ya wailesi ndi kanema wa boma, mayuro 18.36 pa mwezi, imalipiridwa pa nyumba osati pa munthu, choncho mumaigawananso.

Pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Lamulo la Germany limafuna kuti mulembetse adiresi yanu ku ofesi ya mzinda pasanathe masabata awiri mutalowa, ndipo pamafunika kalata yochokera kwa amene wakupatsani malowo. Popanda kulembetsako nambala ya msonkho siifika, ndipo zambiri za kubanki ndi za chilolezo chokhalira m'dzikomo zimaima. Mudzaona zipinda zotchipa zolembedwa kuti kulembetsa sikutheka. Nthawi zambiri zimenezo zimatanthauza kuti amene akukuchititsani lendiyo sanapemphe chilolezo kwa mwini nyumba. Mukhoza kugonamo masiku ochepa, koma musamangirepo moyo.

Ku England maonedwe ake ndi ena. Kugawana nyumba n'kofala kwambiri mu London, koma ambiri amakuona ngati kodikirira, mpaka adzapeze yawo. Nyumba ya anthu asanu kapena kuposa apo ochokera m'mabanja osiyana imayenera kukhala ndi laisensi ya khonsolo, ndipo kuyambira 2018 chipinda chogona munthu wamkulu mmodzi m'nyumba yotero sichiyenera kuchepera masikweya mita 6.51. Dipoziti siiyenera kuposa lendi ya masabata 5 m'nyumba zambiri, ndipo imayenera kusungidwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma. Koma mukalowa m'nyumba imene mwini wake akugonamo, n'kumagawana naye khitchini, zambiri mwa zotetezazi sizikukhudzani. Akhoza kukuuzani kuti musamuke popanda kupita kukhoti. Chipinda choterocho chimakhala chaukhondo ndiponso chotsikirapo mtengo, koma mumakhala mwa chifundo cha munthu.

Vuto lalikulu la njira imeneyi si kuchepa kwa malo. Ndi kusowa ufulu wophika chakudya cha fungo lamphamvu usiku, woyankhula mokweza pa foni ndi abale amene kwawo kukadali masana, wolandira mlendo wogona masabata awiri. Wokwatira amapirira chaka chimodzi. Wa mwana wakhanda, eni nyumba ambiri samulandira n'komwe.

Kafulati ka wekha pakati pa mzinda

Apa chitseko ndi chanu, makiyi ndi anu, ndipo palibe wowerenga mbale zanu mu sinki. Mtengo wake ndi wakuti chilichonse chimachitikira m'chipinda chimodzi. Kuti tione mmene njirayi imayendera bwino kwambiri, tiyenera kuyang'ana ku Japan.

Malonda a nyumba ku Tokyo amalemba 1K, kutanthauza chipinda chimodzi ndi kakhitchini, kapena 1R ngati palibe khoma pakati pa ziwirizo. Kukula kwa chipinda amakuyeza ndi mphasa za tatami, imodzi masikweya mita pafupifupi 1.62, choncho chipinda chofala cha mphasa 6 chimangotsala pang'ono kukwana 10. Kakhitchini kamakhala m'kanjira kochokera pakhomo, ka moto umodzi kapena iwiri. Bafa, sinki ndi chimbudzi nthawi zina zimakhala m'bokosi limodzi la pulasitiki lopangidwira kufakitale. Mu 1979 lipoti lina la mkati la bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Community linanena kuti anthu a ku Japan amakhala m'tinyumba tonga makola a akalulu. Mawuwo anatuluka poyera, anawawa, ndipo ku Japan akuwakumbukirabe.

Chimene olemba lipotilo sanachione ndi mmene chipinda chimodzi chimasinthira ntchito pa tsiku. M'nyumba zachikhalidwe matiresi opyapyala amapindidwa m'mawa n'kulowetsedwa m'kabati ya m'khoma, ndipo pogona pamasanduka podyera. Nsapato zimatsala pakhomo, choncho pansi ndi poyera mokwanira kukhalapo. Chofunika koposa ndi chakuti mzinda wonse unamangidwa modziwa kuti nyumba n'zazing'ono. Sitolo zotsegula usana ndi usiku zili pangodya iliyonse, motero firiji yaikulu ndi yosafunika. Malo ochapira olipira ndi makobidi ali ponseponse. Mabafa a anthu onse akadalipo kwa wofuna kuviika thupi m'madzi otentha. Anzanu simuwaitanira kunyumba, mumakumana nawo kumalo odyera pafupi ndi siteshoni, ndipo palibe amene amadandaula kuti simunamuonetse kwanu. Galimoto nayo siilembetsedwa mu Tokyo popanda umboni woti muli ndi poimika, ndiye ambiri alibe n'komwe.

Kulowa m'kafulati ka ku Japan ndiko kumapweteka thumba. Pamwamba pa dipoziti pamakhala ndalama yothokoza mwini nyumba imene siibwezedwa, ya wothandiza kupeza nyumba, ya kampani yokuimirani ngati mutalephera kulipira, ya inshuwalansi, nthawi zina ndi yosinthira loko. Zonse pamodzi zimatha kufika lendi ya miyezi inayi kapena isanu musanagonemo, ndipo pakatha zaka ziwiri ambiri amalipiranso kuti mgwirizano upitirire. Eni nyumba ena amakana alendo ochokera kunja mosabisa. Nyumba za bungwe la boma la UR ndi zopumulirako: sizifuna ndalama yothokoza, ya wothandiza, yopitirizira mgwirizano kapena munthu wokuimirani, ngakhale zambiri zili kutali pang'ono ndi pakati pa mzinda.

Ku Paris kachipinda kotereka kali ndi mbiri ina. M'nyumba zosanja za m'zaka za m'ma 1800, nsanjika yapamwamba penipeni, pansi pa denga, inali ya antchito apakhomo. Lero m'tizipinda timeneto mumakhala ophunzira ndi ongoyamba ntchito. Adiresi imakhala yapamwamba, koma masitepe ake ndi a kuseri, chikepe nthawi zambiri sichifikako, ndipo chimbudzi chikhoza kukhala chapanjira chogawana ndi oyandikana nawo. Madenga ambiri a Paris ndi a zinki, ndipo m'chilimwe kumwambako kumatentha zoti munthu sagona. Ngati mukuyang'ana kachipinda kotere m'nyengo yozizira, funsani za Julayi.

New York inayesa njira yomweyi mochedwa. Kuyambira 1987 malamulo m'madera ambiri a mzindawo ankaletsa kumanga fulati yochepera masikweya mita 37, ndipo nyumba ya Carmel Place, imene inatsegulidwa mu 2016 ndi tifulati 55, inachita kupatsidwa chilolezo chapadera. Lendi ya tifulati tambiri mmenemo siinali ya osauka. Ichi n'chofala kulikonse: mukawerengera pa sikweya mita imodzi, kafulati kakang'ono nthawi zambiri kamadula kuposa nyumba zokulirapo. Mumalipirira kukhala pafupi ndi ntchito ndi kukhala nokha.

Chinthu china chimene ongofika samachiyembekezera ndi chinyezi. Mukaphika, kusamba, kuyanika zovala ndi kupuma m'chipinda chimodzi chotseka mawindo chifukwa cha kuzizira, madzi amatsetsereka pa magalasi ndipo nkhungu imamera kuseri kwa kabati. Ajeremani amatsegula mawindo onse kwa mphindi zochepa kangapo pa tsiku ngakhale kunja kuli chisanu, ndipo mapangano ambiri a lendi amanena za udindo umenewu. Si nkhani yoseketsa: ku Rochdale, ku England, mwana wa zaka ziwiri anamwalira mu 2020 chifukwa cha nkhungu ya m'fulati ya chipinda chimodzi chogona, ndipo imfa yake inachititsa kuti malamulo asinthe. Poyendera nyumba, sunthani kabati, nunkhizani.

Pamene kuchepa si kusankha

Magazini okongola amakonda kuonetsa tinyumba tokonzedwa mwaluso ngati kuti aliyense wokhala mothinana anasankha yekha. Ku Hong Kong anthu oposa 200,000 amakhala m'fulati zoduladula, pomwe fulati imodzi yagawidwa m'tizipinda tingapo, ndipo kachipinda kapakatikati ndi ka masikweya mita pafupifupi 11, nthawi zina ka banja lonse. Mzere wodikira nyumba ya boma umatenga zaka pafupifupi zisanu. Mu 2024 boma la kumeneko linalengeza kuti tizipinda totere tisamachepere masikweya mita 8, ndipo nambala imeneyo yokha ikukuuzani mmene zinthu zinalili.

Ku Johannesburg, pakati pa mzinda, muli nyumba zosanja zimene eni ake anazisiya ndipo anthu ena anazilanda n'kumatolera lendi. M'kati mwake amagawa ndi matabwa, makatoni ndi makatani. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown n'kupha anthu 76, ambiri mwa iwo ochokera m'mayiko ena. Kumeneko vuto silinali masikweya mita. Linali zipata zokhoma ndi kusowa pothawira. Malo otere sindikuwaika m'gulu la njira zoti muyerekeze. Ndawatchula kuti mukaona chipinda chotchipa modabwitsa, kulikonse padziko, muyambe mwafunsa kuti moto utabuka mungatulukire pati.

Kanyumba ka pa matayala ndi boti

Njira ziwirizi zimakoma pa zithunzi kuposa zonse, ndipo ndi zomwe sindingalangize mlendo.

Kanyumba ka pa matayala kanatchuka ku United States, makamaka pambuyo pa mavuto a ngongole za nyumba a 2008. Jay Shafer anali atayamba kale kumanga tinyumba totere cha m'ma 1999, ndipo malamulo omangira nyumba a 2018 anazindikira kanyumba kosaposa masikweya mita 37 ngati gulu lakelake. Kuti kayende pamsewu popanda chilolezo chapadera, m'lifupi mwake sikayenera kuposa mamita pafupifupi 2.6, n'chifukwa chake pogona pamakhala pamwamba, pokwera ndi makwerero, pomwe munthu sangaimirire. M'dziko limene nyumba yaikulu ndi chizindikiro choti wapambana, kukhala m'kanyumba kotere kuli ngati kutsutsa, ndipo eni ake amanyadira zimenezo. Koma kanyumba kamafuna malo okaimikapo, ndipo makhonsolo ambiri amakaona ngati kalavani yosayenera kukhalamo chaka chonse. Mabanki sapereka ngongole yanyumba yanthawi zonse pa chinthu cha matayala, ndipo mtengo wake umatsika ndi zaka pomwe wa malo umakwera.

Boti la m'ngalande za London ndi lopapatiza, mamita ongopitirira pang'ono 2 m'lifupi. Malo okhazikika oimikapo boti mu London ndi osowa ndi odula, ndiye ambiri amatenga laisensi ya bungwe loyang'anira ngalande la Canal & River Trust yofuna kuti azisuntha masiku 14 alionse. Madzi mumakatunga pampopi wa m'mbali mwa ngalande, chimbudzi mumakakhuthula nokha, moto wa m'mbaula mumausonkha nokha m'Januwale. Ndipo funso la adiresi, limene mlendo amafunsidwa ku banki, kuchipatala ndi ku ofesi yoona za olowa m'dziko, limakhala lovuta kuyankha. Ku Amsterdam kuli maboti okhalamo pafupifupi 2,500, koma malo atsopano satuluka, motero kugula boti kumeneko n'kugula malo ake pamtengo wa nyumba. Njirazi ndi za munthu wa mapepala okhazikika, wa ndalama zapadera ndi wa manja odziwa kukonza paipi.

Nyumba yokulirapo, kutali ndi mzinda

Banja likakula, ambiri amathera apa. Ndalama imene imakupatsani chipinda chimodzi pakati pa mzinda imakupatsani zipinda zitatu pa mtunda wa ola limodzi. Walira mvula walira matope: malowo mumawalipira ndi nthawi ndi thiransipoti, ndipo kulemera kwa mtengowo kumadalira dziko. Ku Japan makampani ambiri amalipirira antchito tikiti ya sitima ya mwezi, choncho chotayika ndi tulo tokha ndi kupanikizana m'sitima ya m'mawa. Ku Germany tikiti ya dziko lonse ya mabasi ndi sitima zapafupi inayamba mu 2023 pa mayuro 49 pa mwezi, ndipo ngakhale yakwera, ikadali yopiririka. Kuzungulira London tikiti ya chaka imadya mapaundi masauzande angapo, ndipo ikhoza kumeza zonse zimene mwapulumutsa pa lendi. M'madera ambiri a United States kutali kumatanthauza galimoto, kawirikawiri ziwiri, ndi inshuwalansi yake. Onjezani zotenthetsera: nyumba yaikulu yakale ku Ulaya imadya gasi wambiri, ndipo chiyambire kukwera kwa mitengo kwa 2022 palibe amene amaiwala kufunsa za bilu ya nyengo yozizira. Wogwira ntchito ya mashifiti ausiku ayang'anenso nthawi ya sitima yomaliza asanasaine.

Pali njira yapakati imene ndimaisirira, ngakhale khomo lake ndi lopapatiza kwa mlendo: nyumba yaing'ono yokhala ndi malo ogawana okonzedwa bwino. Ku Sweden nyumba zosanja zambiri zili ndi chipinda chochapira cha onse, chimene mumalembetsa nthawi yanu, komanso kachipinda kosungira katundu pansi pa nyumba. Ku Germany anthu a m'fulati amachita lendi timinda tating'ono m'mphepete mwa mzinda momwe amalima ndi kupumulako Lamlungu. Ku Denmark, kuyambira pa mudzi wa Sættedammen mu 1972, mabanja ena amamanga nyumba zawo mozungulira nyumba yaikulu ya onse yophikira ndi kudyera limodzi. Ku Singapore, kumene anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'fulati za bungwe la boma la HDB, pansi pa nyumba zosanja zambiri pamasiyidwa popanda makoma, ndipo pamenepo ndi pamene pamachitikira maukwati ndi maliro. Fulati siiyenera kukwana khamu chifukwa khamu lili ndi pake. Koma fulati zatsopano za HDB zimagulitsidwa kwa nzika, ndipo mzere wa nyumba za lendi ku Stockholm umatenga zaka zambiri, pakati pa mzinda kuposa khumi. Wongofika amathera pa kubwereka fulati ya munthu wina kwa miyezi yowerengeka, kenako kusamukanso.

Nkhani ya alendo imadutsa m'njira zonsezi. Amati mlendo ndi mame, koma m'mizinda imeneyi mame akakhalitsa amalowa m'malamulo. Mapangano ambiri a lendi amanena chiwerengero cha anthu ololedwa kugona m'nyumba, oyandikana nawo amadandaula kwa mwini nyumba akamva mapazi ochuluka, ndipo ku Germany phokoso la pambuyo pa 10 koloko usiku kapena la Lamlungu limabweretsa kalata. Ku England wokhala yekha amachotseredwa 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo, ndipo munthu wamkulu wachiwiri akakhazikika m'nyumbamo kuchotserako kumatha.

Ndiye wongofika yekha atenge chipinda m'nyumba yogawana momwe angalembetse dzina lake, aphunzire mzinda, asunge ndalama. Wokhazikika pantchito amene amabwera kunyumba kudzangogona angasangalale ndi kafulati kake pafupi ndi siteshoni, makamaka m'mzinda wonga Tokyo. Koma amene akufuna kudzaitana mkazi, mwamuna kapena ana ayambe kuyang'ana kutali ndi mzinda msanga, chifukwa apa kukula kwa nyumba kumalowa m'mapepala a visa. Ku United Kingdom, pa visa ya banja, muyenera kusonyeza kuti banja likafika nyumbayo siikhala yodzaza mopitirira malamulo. Ku Germany maofesi oona za alendo nthawi zambiri amawerengera masikweya mita 12 pa munthu aliyense woposa zaka 6 ndi 10 pa mwana wochepera apo. Bambo, mayi ndi ana awiri a kusukulu akufunika 48, ndipo mgwirizano wa lendi wosonyeza nambala imeneyo nthawi zambiri umafunika kukhala m'manja pempho lisanavomerezedwe.